A Kenani, wigi ya adona ndi dzira la chule

A Kenani akhala akusamala maluwa ku Area 10 zaka makumi awiri, moti kapinga akangomva mapazi awo amafupika yekha. Koma mtima wawo suli pa maluwa. Uli m'kadziwe ka nsomba kuseri kwa nyumba, momwe mvula yoyamba ikangogwa achule a mu Lilongwe monse amadzaikira mazira.

Matenda okonda mazira a achulewa anawatenga m'buku lothothoka masamba limene azungu ena anasiya posamuka. Amagwada pakadziwepo ndi galasi lokulitsa zinthu, tiyi mpaka kuzizira, kuonerera kadzira kakuda pamwamba, koyera pansi, kakudzilemba mzere pakati: tizigawo tiwiri, kenako tinayi, mpaka kampira ka timibulu tosawerengeka. Akazi awo amadandaula kuti ana awo asanu sanayang'anitsitsidwepo chonchi.

M'bukumo munalinso za katswiri wa ku Jeremani amene kalekale anamanga dzira la kanyama ka m'madzi ndi tsitsi la khanda lake, n'kutulukamo mapasa. A Kenani anati nawonso ayese. Vuto linali tsitsi. Iwo ali ndi dazi loti ntchentche ikatera imaterereka, ndipo la zidzukulu ndi lopotana. Lowongoka mumpanda monsemo linali la wigi ya adona, Mayi Fiona, imene inali itayanikidwa pachingwe.

Anakoka kamodzi, wigi inakana. Anabwera ndi chisizasi chodulira mpanda wa maluwa, chija chosadziwa kudula pang'ono. Mbali yonse yakumanzere inangoti pansi khu!

Adona anawapeza lilime lili panja, akumanga mfundo m'mbale.

"A Kenani! Tsitsi langa pa mazira a chule? Mukundilodza?"

"Ayi adona, ndi sayansi. Ndikufuna dzira limodzi lituluke achule awiri."

"Amene alipowa sakukwana? Atigonetsa liti? Longedzani katundu wanu, lero lomwe!"

Ntchito, kanyumba kakuseri, zonse zinali kupita. A Kenani anapereka galasi ndi manja awiri.

"Ndichoka adona, koma tangoonani kaye."

Dzira lomangidwalo linali litaphulika kale ngati phala, koma linzake pambali linali mkati mogawikana. Adona anagwada ndi suti yawo ya ku Capital Hill. Foni inalira katatu, osaiyankha.

"Iii! Walidula ndani?"

"Palibe adona. Lokha."

"Ndiye miyendo ichokera pati?"

"Poyamba mbululu, yamchira basi. Miyendo imabwera mochedwa."

Adona anadzuka, akusasa maondo. "Za wigi sindinaiwale. Mukhala mpaka ndione miyendoyo ndi maso anga. Tsiku lomwelo, ulendo."

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse a Kenani amayamba kaye ayendera mbululu zawo. Iliyonse yoyamba kutupa m'chiuno amaitapa ndi kasefa, n'kukaisiya mwaulemu m'ngalande kunja kwa geti. Ino ndi mvula yachitatu, ndipo adona amauza anzawo kuofesi kuti achule a ku Area 10 ndi aulesi kumera miyendo.