Mdzukulu wa Azakhali Warsini Alibe Dziko

Azakhali anga a Warsini amagulitsa tofu wokazinga, chakudya chopangidwa ndi soya, pageti la msika wa ku Lamongan kuyambira ndisanabadwe. Chimalizireni sukulu ndimakhala nawo pamenepo, ndipo ndikufuna anthu adziwe zawo.

Mwana wawo Hasyim adapita ku Syria ndi mkazi wake kukalowa gulu la zigawenga, nafera komweko. Adasiya kamtsikana, Salma, kamene kali ndi mayi ake ku msasa wosungirako mabanja a zigawenga ku Syria komweko. Azakhali amangokadziwa pafoni, komabe amakagulira tinsapato, kuyerekeza saizi.

Mwezi watha kunyumba kwathu kudabwera Laksmi, mtsikana wa ku yunivesite ya ku Surabaya, wofufuza za malamulo olanda unzika anthu olowa uchigawenga. Azakhali adamuseka kuti ndi wowonda ngati chogwirira tsache, namudyetsa mpunga kaye. Atadya adaika pamphasa kamakina kojambulira mawu. Adafotokoza mosabisa kuti lipoti lake lipita ku unduna, ndiponso kuti akadaulo ena akuti munthu amataya unzika tsiku lomwe walumbira kutumikira gululo. Ngati Salma adabadwa makolo atalumbira kale, adatero, ndiye kuti padalibe unzika woti amupatsire.

Azakhali adafunsa kuti ndiye mwanayo ndi wa dziko liti. Laksmi adayang'ana mbale, nafunsa:

"Mayi, adalumbira mwana atabadwa kapena asanabadwe?"

Ine ndikudziwa. Kanema wa lumbirolo adafika pa Idi, mkazi wa Hasyim ali ndi pakati pooneka. Azakhali sadanamizepo munthu, ngakhale wofunsa ngati tofu ndi wadzulo. Adayang'ana kanyali kofiira ka makinawo nthawi yaitali.

"Mwanangu, mutuwu udatha ndi utsi wa mafuta. Sindikumbuka."

Laksmi adagwedeza mutu, ndipo ndikhulupirira kuti mtima wake udakhala pansi. Povala nsapato pakhomo adatchula kuti aphunzitsi ake adamuuza afunsenso oyandikana nafe, makamaka amayi a pagulu lowerenga Kurani Lachinayi.

Amayi amenewo onse adamuona kanemayo. Azakhali ndiwo adawaonetsa okha chaka chimenecho, foni ikuyenda dzanja ndi dzanja, pofuna kutseka pakamwa onena kuti Hasyim adafa kale.

Tidaima pakhonde kumuyang'ana Laksmi akuwoloka msewu. Mayi Sulastri, mmodzi wa amayi a pagulu lija, amene sasunga mawu m'kamwa, adali atatsegula kale chitseko, akupukuta manja pansalu.