Ndowe za Njovu pa Mbaula

Inu amene mumati mantha amakhala mumtima, khalani pansi mumve. Anga ndinawapeza pamwamba pa impso, ndipo wondilozera anali munthu wa jekete loyera, osati wa ula.

Fakitale ya nsalu itatseka m'zaka zija za m'ma 1990, amuna ambiri a m'komboni ya Dambwa North tinasanduka amalonda a panjinga. Tinkatsika msewu wa kumathithi, kuwoloka mlatho wa pamalire, kukagula majarini, shuga ndi saladi wophikira kutsidya, n'kubwera nazo pakaliyala. Mkazi wanga ankazigulitsa pamsika wa Maramba. Katswiri wopalasa ndinali ine. Ena akanakuuzani zina, koma ambiri anamwalira, ndiye mverani za ine.

Tsiku lina m'chilimwe tayala linaphwa, anzanga n'kundisiya. Ndikukankha njinga pamene msewu umadutsa m'tchire, ndinamva fungo la ndowe zatsopano, longa la udzu wonyowa umene wayamba kusasa. Kutukula maso, njovu iyo, makutu ngati zitseko za tchalitchi. Inalira kamodzi kokha. Ndinangozindikira ndili m'ngalande, nsapato imodzi palibe. Mkuluyo anadya shuga wanga ndi mapepala omwe, n'kumapita. Njinga sanaikhudze.

Nkhaniyi ndinaifotokoza bwino m'komboni, mpaka njovu zinakwana zitatu. Koma m'mawa mwake nditagwira chiwongolero, mtima gugugu, kukwera n'kundikanika. Lole ikadutsa tenti yotuwa ikupepeluka ngati khutu la njovu, ndinkathawira m'nyumba. Chakudya chinkakana kutsika. Njinga inatsamira khoma mpaka akangaude anamanga nyumba m'masipoko.

Mkazi wanga si wolongolola, amangodula mawu ngati akudula nyama.

"Ba tate bake ana, tebulo langa kumsika lili mbee. Mvula ikagwa njinga ikali pakhoma apo, tiyenda ku Katete, kwa amayi. Munda ulipo, khasu lilipo."

Kwa amayi ake! Ine, munthu wa ndevu zaimvi, wozolowera madzi a pampopi, kukakhala mkamwini, kumapempha nkhwangwa kwa alamu amene ndinkawatumizira malaya otha. Njovu yokha inali ndi chifundo.

Mnansi wathu, mayi wa mtundu wachilozi, wa mtima wabwino, atamva kuti mutu ukundiwawa anati mankhwala ake ndi utsi wa ndowe za njovu zouma. Kwathu kuno anthu amafukiza zimenezo munthu akamamva mutu kapena akamatuluka kamfuno. Iye ndi mkazi wanga sanandiuze. Ndinali gone pamphasa masana, iwo n'kulowetsa mbaula mwakachetechete. Utsi utangondifika m'mphuno, ndinatulukira pawindo. Windo lakelo ndi lija loti mphaka amayamba waganiza. Ndinakaima kwa aneba atatu kutsogolo, m'munda wa repu.

"Mulamu, ni mankhwala chabe!" mayi uja anakuwa, akugwira m'mimba ndi phwete. "Njovu yake inapita kudala!"

Mkazi wanga sanaseke. Anandimangira ulendo wa kukiliniki.

Dokotala wake anali wamng'ono thupi koma wodziwa kumvetsera. Anapima mtima, anapima magazi, n'kunena kuti zonse zili bwino.

"Ndiye andilodza?"

"Mudala, akulodzani ni impso zanu."

Anafotokoza, ndipo ine, ngakhale sukulu ndinaisiyira pakati ngati chimanga chopserera, ndinamva. Pamwamba pa impso pali tinyama tiwiri tokhala ngati tizipewa. M'kati mwa ubongo muli kachigawo kogwira ntchito ya ulonda. Mlondayo akaona zoopsa amaliza wezulo, tinyama tija n'kuthira m'magazi timadzi totchedwa mahomoni. Toyamba timathamangitsa mtima ndi kupatsa miyendo moto. Tachiwiri timabwera pambuyo, timakwera mpaka kuubongo n'kukauza mlonda kuti izi usadzaiwale, fungo lake, malo ake, mtundu wake. Timadzi timeneti tikamathiridwa tsiku ndi tsiku, mlonda amasanduka wamanjenje, ndipo mbali ya ubongo ya kumphumi, imene imayenera kumuuza kuti khala pansi ndi tenti chabe, mawu ake amachepa.

"Ndiye mumuchotse ntchito mlondayo," ndinatero.

"Akanakhala kulibe, sembe muli m'mimba mwa njovu pamodzi na shuga."

"Njovu sidya nyama, adokotala."

"Mwaona? Kumphumi kukali kusebenza."

Anati mlonda wotere samva zokambirana, amamva zodzionera yekha. Uyenera kumutengera pafupi ndi chimene amaopa, pang'onopang'ono, n'kukhala pomwepo mpaka timadzi tiphwe, aone kuti palibe chachitika. Ukathawa, amati ndinanena ine.

Pobwerera ndinaima kwa mayi wachilozi uja kukapempha ndowe zotsala. Anandiyang'ana ngati ndapenga.

Ndinayamba ndi mbaula ili kuchimbudzi uko, ine pakhonde, manja atagwira mpando. Fungo likafika, mtima unkanyamuka. Ndinkamulankhula mlonda uja mokweza: "Liza wezulo yako, mbuli iwe, ine sindisuntha." Thukuta kamukamu, kenako mtima n'kumatsika wokha ngati basi yofika pasiteji. Mbaula inkasendera tsiku ndi tsiku. Anthu odutsa ankafunsa ngati ndatsegula tchalitchi chatsopano, ndipo ndinkawauza kuti chopereka ndi shuga. Kenako ndinapukuta njinga, kuzungulira Dambwa, kufika kumapeto kwa tauni, kubwerera. Mitambo inali itayamba kusonkhana, ndipo mkazi wanga anali atayamba kufunsa mtengo wa masaka oikamo ziwiya, mokweza, kuti ndimve.

Tsiku lopita kumlatho ndinalowa pakati pa anzanga ngati mwana wa nkhuku. Titafika pamalo paja, ndowe zinalipo, zatsopano, zikufuka nthunzi. Wezulo inalira, sindinama. Koma ndinaudziwa mtundu wa phokosolo, ndinadziwanso kuti limatha. Ndinaponda mapedulo, timadzi tija n'kupeza ntchito yoti tigwire. Anzanga anandipeza pamlatho nditakhala kale.

Madzulo ndinatsitsa katundu pakhomo, mvula yoyamba ikununkhira chakumadzulo. Mkazi wanga anatola paketi ya shuga, kuitembenuza uku ndi uku.

"Iyi sanalaweko abwenzi anu?"

"Ndawauza kuti agule okha."

Masaka aja anawayala pansi pa tebulo lake kumsika. Ku Katete tinapitako patapita zaka, kukacheza, ndipo alamu anga ndinawapititsira malaya.