Jekete ya Agogo a Ña Filomena

Ña Filomena Insfrán, aneba anga, amagulitsa timabanzi ta chinangwa totchedwa chipa pamalo okwerera basi ku Carapeguá. Mukangowapatsa moni mwaziputa, chifukwa mumva za agogo awo a Crispín, amene anasiya mwendo ku nkhondo ya ku Chaco.

Kwa zaka ndithu akhala akupita ku Asunción, ku ofesi yosunga mbiri za asilikali, chithunzi cha agogowo chili m'chikwama. Amabwerako atafufuma ndi mkwiyo.

"Lero akuti dzinali mulibe. Mawa akuti abwana achokapo. Mkuja akuti mabokosi ena anadyedwa ndi chiswe. Chiswe chakecho chinasankha agogo anga okha?"

Tsiku lina kalaliki wina wachikulire anachiyang'anitsitsa chithunzicho n'kuyamba kuseka.

"Mayi, jekete iyi ndimaidziwa. Taonani thumba long'ambikali. Ndaiona pa zithunzi zambirimbiri. Inali ya wojambula, ankaibwereketsa kwa aliyense wofuna kuoneka ngati msilikali, ngakhale amene sanamvepo fungo la wonga."

Nditamva zimenezi ndinapita kukawaona Ña Filomena. Ndinawapeza pakhonde atakhala, kapu ya tiyi wozizira wa tereré ili patebulo osaikhudza. Ndinati, "Amayi, bwanji mungozisiya? Akufa sadandaula."

Anaimirira. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mwendo wamtengo wa agogo aja, malamba ake atauma gwa, n'kuuponya patebulo mpaka kapu ija inagubuduka.

"Lolemba ndikupita ndi uwu," anatero. "Kalaliki uja akandiuze ngati nawonso unali wa wojambula."