Mawondo a Wietske

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, Wietske Tolsma wakhala akulandira zonse zimene tauni yake yakana. Amagwira ntchito pamalo oyeretsera madzi a m'zimbudzi ndi m'mabafa asanathiridwe m'ngalande. Anthu akumeneko ndi aukhondo zedi. Mawindo amapukuta Loweruka lililonse, ndipo akangogejemula chimbudzi, kwa iwo nkhani yathera pomwepo.

Fungo silinkamuvuta. Chinkamudya mtima ndi mankhwala opaka opha ululu. Nkhalamba za m'tauni zimapalasa njinga ngati anyamata, pobwera n'kudzipaka m'mawondo, kenako n'kukasamba. Mankhwalawo amatsika ndi madzi, kupyola masefa onse, n'kukadwalitsa nsomba za mikunga m'ngalande. Chokhacho chimene chimagwirako ena mwa mankhwalawo ndi makala osefera a m'thanki yaitali, imene Wietske ankakwera pamakwerero kanayi pa tsiku.

Ndiye pakamwa pake panalibe chitseko. Kuphwando la tsiku lobadwa, anthu atakhala mozungulira, aliyense ndi khofi ndi kakeke kake kamodzi, iye ankangoyamba.

"Mukapaka, pukutani m'manja ndi pepala musanagwire madzi, akuluakulu inu! Mkunga unakuuzani kuti ukudwala nyamakazi?"

Anthu anasiya kumuitana. Iye ankati bola, keke yawoyo inali youma kale.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mawondo ake anayamba kukana, ndipo dokotala, mosadziwa kuti akulankhula ndi ndani, anamulembera mankhwala omwewo. Wietske anawabisa kuseri kwa zitini za khofi. Miyezi isanu anatsimphina, pamakwerero akudzikoka ndi manja, mpaka bwana anamuitana.

"Mayi Tolsma, makwerero akakukanikani tikupumitsani. Thanki ija tipereka kwa wina."

Kwa wina! Thanki imene ankaidziwa kuposa mwamuna wake! Anachita mantha enieni.

Mwamunayo, Douwe, anatulutsa mankhwala aja n'kuwaika pafupi ndi mbale yake.

"Paka iwe, mayi wa nsomba. Ukuganiza kuti mikunga yakoyo idzabwera kudzakukankha pa njinga ya olumala?"

Anapaka. Anapukuta m'manja ndi pepala katatu, misozi ya mkwiyo ili mbwembwembwe. Masiku awiri sanasambe. Tsiku lachitatu Douwe anatsegula mawindo onse kuti fungo lituluke, ndipo Wietske analowa m'bafa.

M'mawa mwake anakwera makwerero onse popanda ululu. Anaima pamwamba pa thanki, kudikira kuti madzi a m'bafa mwake afike, ndi mankhwala ake omwe.