Mbozi m'munda wa eni

Chaka chimene ndinalowa chikamwini ku Champiti ndi chimene mbozi zinagwa m'chimanga. Kwathu ndi ku Kasinje, ndipo kumeneko aliyense amadziwa kuti ine mtima uli pafupi. Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, ndipo pa ganyu wokumba mbatata ku Kandeu sindinkakhalitsa kwa bwana mmodzi. Tsono apa ndinali pamudzi pa eni, ndikulima munda umene atsibweni a mkazi wanga anatilozera ndi ndodo. Mkazi wangayo anali woyembekezera.

Chimanga chinali chitafika m'mawondo pamene masamba anayamba kubooka. Ukatsegula kumtima kwa phesi, pamene pamatulukira tsamba latsopano, unkapeza zonyowa zonga utuchi, pansi pake mbozi ili phee, yonenepa. Amene anapopera mankhwala a kusitolo anangotaya mphamvu. Inatsala ndi njira yamanja: kutsegula phesi, kusolola mbozi, kuifinya ndi zala, n'kuthiramo mchenga wa kumtsinje. Phesi lotsatira chimodzimodzi, mpaka munda wonse.

Ntchito yonyansa ngati imeneyo sindinaionepo. Zala zimasanduka zobiriwira, zomata, ndipo fungo lake ngakhale sopo amalilephera. Msana umachita kuyaka. Tsiku loyamba, dzuwa lisanafike pamutu, ndinaponya ndowa ya mchenga kutali uku ndikutukwana.

Sindinadziwe kuti atsibweni aja anali chiimire pachulu cha kumalire. Sanakalipe. Anayankhula motsitsa, ngati akufunsa za mvula.

"Akamwini, ndowayo ndi ya mlongo wanga, katoleni. Munda ukakukanikani muzinena, njira ya kwanu sinatsekedwe. Koma ali m'mimbayo ndi wa pano."

Ndinakaitola. Kuwayankha kukanakhala kudzithamangitsa ndekha, n'kusiya mwana amene ndinali ndisanamuone n'komwe.

Poyamba ndinkagwira ndi ukali. Mbozi iliyonse ndinkaiveka nkhope ya atsibweni ndisanaifinye. Koma ukali unkatha mzere usanathe, n'kundisiya ndi msana wanga womwewo. Ndinayesa nyimbo za pafoni, batire linkafa m'mawa momwe. Ndinayesa kutsitsa chipewa kuti ndisamaone kumene munda wathera, koma mtima unkadziwa kutalika kwake.

M'mawa wina ndinangomva mapazi kumbuyo. Anali mkazi wanga, atasenza mchenga. Ndinamuuza kuti abwerere, pakuti miyendo yake inali itatupa ndipo kusikelo anamuuza kuti azipuma. Anakana. Ndinakweza mawu, iye anangotula ndowa pansi.

"Kalipani mumalize," anatero. "Ndikakusiyani nokha, tsiku lina ndidzapeza ndowa yokha m'munda muno, inu mutathawira kwanu."

Kuyambira pamenepo ine ndinkatsogola, kutsegula ndi kufinya, iye pambuyo akuthira mchenga. Ndikangoima kuti ndiwongole msana, ankandipeza, n'kuyamba kuwerama yekha kufuna mbozi, dzanja lina lili m'chiuno, akupuma mwabefu. Kuwerama kumeneko sindinkafuna kukuona. Ndiye sindinkaima. Sikuti ntchitoyo ndinayamba kuikonda, ayi, ndinkanyansidwa nayo mpaka phesi lomaliza. Ndinkangothawa kupuma kwake kumene kunkanditsatira m'mizere.

Titafika kumapeto kwa munda, kumene tinayambira kuja mbozi zina zinali zitaswa kale. Sabata yomweyo kutupa kwa mkazi wanga kunafika kumaso, ndipo apongozi anamutenga kukadikirira kuchipatala. Ponyamuka apongoziwo sanandiyang'ane, anangouza mlamu wanga kuti andiuze kuti munda usagone.

Ndinabwereramo ndekha. Mitambo inkachita bii kuphiri koma osagwetsa kanthu, mphepo zii, ngakhale mbalame osamveka. Apa panalibenso wondikankha. Koma ndikangoweramuka, maganizo ankathamangira kuchipatala, kwa mkazi wanga ndi nkhope yake yotupa ija. Ndikawerama, ndinkaona phesi limodzi ndi mbozi imodzi basi. Ndinasankha mbozi. Ndinkachoka m'munda maso atasiya kusiyanitsa mbozi ndi dothi.

Mwana anabadwa wamkazi, wochepa thupi koma wolira mwamphamvu. Mayi ake anachira pang'onopang'ono. Titakolola, chimanga chinalekeza pakati pa nkhokwe, zisononkho zambiri zili zodyeka kunsonga. Anzathu ena pamudzipo sanafike n'pomwepo.

Atsibweni anabwera kudzaona. Anasuzumira m'nkhokwe nthawi yaitali, natenga chisononkho chimodzi, kuchitembenuza, kuchibwezera. Ine ndinali chiimire pambali. Ndinkadikira kuti anene kuti chakwana kapena sichinakwane.

"Za chikamwini chanuchi tidzakhala pansi mwanayu akalimba khosi," anatero, n'kumapita.

Pano mwana akukwawa. Kukhala pansi kuja sikunachitike, ndipo palibe amene wanena kuti kwalephereka. Ndikakumana nawo panjira ndimavula chipewa n'kupereka moni, iwo amayankha bwinobwino, koma ayamba kunditchula kuti a ku Kasinje, osatinso akamwini.