Nkhondo ya agogo inalibe dzina limodzi

Ndimawaonabe agogo ataima pawindo la nyumba yathu ku Bradford, ku Mangalande, atavala jekete ya bambo yowalendewera m'mapewa, akusuntha mapazi ngati odikira basi yochedwa. Anabwera kuchokera ku Dedza kudzacheza ndili ndi zaka khumi, nyengo imene mdima umagwa ana tisanafike kunyumba, mpweya ukununkha utsi wa makombola a zikondwerero ndi masamba owola. Kombola likaphulika ankadzambatuka, tiyi n'kutayikira pakapeti. Kukhala pansi kunkawakanika. Poti amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ine ndi amene ndinkawaperekeza, kukwera misewu yotsetsereka ija, kudutsa nyumba zomamatirana ndi mashopu onunkhira anyezi wokazinga, mpaka zala zanga kuuma ndi kuzizira.

Mwezi umenewo aphunzitsi anatiuza kuti aliyense adzafotokoze za wachibale amene anamenyapo nkhondo, ndi kunenanso ngati inali ya pakati pa mayiko kapena yapachiweniweni. Ndinasangalala, pakuti ndinkadziwa kuti agogo anabadwira kutsidya kwa malire, ku Mozambiki, ndipo ali mnyamata analowa m'tchire kukamenyana ndi Apwitikizi. Ndinawafunsa Lamlungu titaweruka kutchalitchi, Chichewa changa chikupunthwa.

"Inali ya ufulu," anatero msangamsanga. "Tinkathamangitsa atsamunda."

Amayi anasiya kusita. "Bambo, amene munkawomberana nawo m'malire muja, angati anali azungu?"

Tsiku limenelo ndinadziwa zimene aliyense ankadziwa kupatula ine. Agogowa sanali owabereka amayi. Bambo awo enieni anali mkulu wawo wa agogo, amene Apwitikizi anamugwira pamsika n'kumuveka yunifolomu yawo. Abale awiriwo anamenya nkhondo m'mapiri omwewo, mbali zosiyana, ndipo wamkuluyo sanabwerenso. Palibe akudziwa kuti chipolopolo chinachokera kuti. Nkhondo itatha, agogo anatenga kamtsikana ka mkulu wawo, n'kuwoloka nako malire, n'kukalera ngati kawo.

Milungu yotsatira m'nyumba munalibe mtendere. Sankakalipirana ayi, koma amayi ankatsuka mbale zotsukatsuka kale, agogo akungokwera ndi kutsika masitepe. Ine ndinkasinthasintha yankho langa, m'mawa ufulu, madzulo chiweniweni. Tsiku lofotokoza litafika ndinaimirira n'kunena kuti agogo anga anali awiri, ndipo ndinalephera kupitiriza.

Agogo anabwerera kwawo chisanu chisanathe. Pabwalo la ndege amayi anagwada pansi pozizira paja, anthu akuyang'ana, n'kuwatsazika kuti, "Muyende bwino, bambo." Sitinawaonenso.

Ndakula, ndawerenga mmene anthu ophunzira amakanganirana pa mayina a nkhondo zoterezi, ndipo mbali zonse zili ndi mfundo. Koma ndinazindikira kuti agogo ankafunikira dzina lakuti ufulu kuti agone tulo, amayi lakuti chiweniweni kuti alire bambo awo. Sindinapezebe mtima wolanda aliyense dzina lake.