Muwawani wa Che Ajasi ndi Mpunga wa pa Sadaka

Wokondedwa wowerenga, cheukirani kuno pang'ono. Mukadzafika m'midzi ya ku Ngauma, mbali ya ku Itepela, mudzaona kamzikiti ka njerwa zosawotcha, ndipo kuseri kwake mudzapeza nkhalamba ya kofia yoyera itagwada, ikukonza kangalande ka madzi ndi chala. Palibe shapa, minibasi ya kuno, imene inaimapo chifukwa cha munthu ameneyu, ndipo dzina lake silinamvekepo pa wayilesi. Komabe Mulungu, amene sapenya monga apenyera munthu, amawadziwa anthu otere, ndipo nkoyenera kuti nafenso tiwadziwe.

Amenewo ndi Che Ajasi Mkwanda, Myao, Msilamu, sing'anga wa zitsamba. Tinabwerera limodzi kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, iwo atasenza mkeka wopempherera ndi kathumba ka mizu, ife titasenza mbewu ya chimanga, ndipo kuyambira pamenepo minda yathu inagundana malire. Ine ndimalalikira Lamulungu m'katchalitchi ka kutsidya kwa dambo, iwo amasonkhana Lachisanu, ndipo masiku otsalawo timasekana.

"A Mlaliki," amatero iwo, "m'mimba mukavuta mumathamangira kwa Msilamu. Kodi Akhristu anu mumawauza?"

"Ndimawauza kuti mtengo ndi wa Mulungu, inu ndinu wongosenda."

"Eya! Kamodzi pachaka mumalalikirako zoona."

Che Ajasi saombeza ula, ndipo sanalozepo munthu chala kuti ndi mfiti. Nthenda ikawaposa amanena poyera, natumiza wodwalayo kuchipatala. Mankhwala awo aakulu anali khungwa la muwawani, lowawa ngati ndulu, limene anthu akuno amamwa m'mimba mukamapota. Kale miwawani inali ponseponse. Ina inathera m'zigafa za fodya, ndipo pamenepo ife Akhristu olima fodya sitingasambe m'manja. Ina inapsa makala. Unatsala umodzi wokha, m'tsinde mwa phiri, pakati pa miyala iwiri. Akafika pamtengowo ankatchula dzina la Mlengi, nasenda kachidutswa kotambalala zala ziwiri, mbali imodzi yokha, namata chilondacho ndi dothi lonyowa. Mbali imeneyo sankaikhudzanso kufikira mvula itagwa kawiri.

"Khungwa ndi kapulana, chitenje cha mtengo," ankatero. "Ungapemphe kansalu ka m'mphepete, koma mayi savulidwa."

Chimene chinkawasowetsa mtendere chinali chimodzi. Zaka zinali zitapitirira makumi asanu ndi awiri, maso anayamba kuchita chifunga, ndipo sankafuna kuti mankhwalawa alowe nawo m'manda. Mwa mwambo wawo wolowa m'malo anali Musa, mwana wa mlongo wawo, bambo wa banja lake, wogulitsa anyezi ndi nsomba zouma pa mota, njinga yamoto, pakati pa Mandimba ndi Cuamba. Musa sanali munthu woipa, koma anali waliwiro m'zonse. Amalume ake anam'tengera kumtengoko kamodzi. Iye anayang'ana, nafunsa kuti thumba lake lingagulidwe bwanji, ndipo nkhalamba inayesa nthabwala.

Nthawi yokolola, mayi ake a Musa, Abiti Mkwanda, anamwalira. Pakati pa abale athu Asilamu, pakapita masiku makumi anayi amachita sadaka: amaphika chakudya, napempherera womwalirayo, nadyetsa aliyense wobwera. Musa anati, "Mayi anga anadya gaga kumsasa wa othawa nkhondo kuti ife tidye ufa. Dzina lawo lidzalemekezedwa ndi mpunga, mudzi wonse udzaone." Ndani angadzudzule mtima wotere? Ndalama anazipeza kumene anazipeza, ndipo palibe anafunsa.

Ndinaitanidwa, ndipo ndinapita. Mpunga unaphikidwa m'migolo yodula pakati, mbuzi zinagwa zinayi. Anthu anadya mpaka kumasula malamba, koma dzuwa litapendeka mbale zazikulu zinali zikadali milu. Amayi otopa anayamba kukhuthulira zotsalazo kudzala. Pamenepo Che Ajasi, mwini maliro, ananyamuka pakati pa mashehe, natenga lichero, nayamba kuyenda mbale ndi mbale.

Musa anawathamangira, nanong'ona mokalipa. "Amalume, mukundichititsa manyazi! Alendo a ku Mandimba anena kuti kwathu kuli njala."

"Akanena, uwauze kuti ikubwera."

"Ndi makombo awa!"

"Mwana wa mlongo wanga, mdalitso uli m'njere imodzi, ndipo sudziwa kuti ndi iti. Ukufuna kuti mdalitso wa mayi ako udyedwe ndi agalu? Gwira uku, lichero likulemera."

Musa sanagwire. Anachoka, anthu akuseka chamumtima. Mayi wina anafuula kuti, "Che Ajasi, mwasiya using'anga, mwayamba unkhuku?" Iwo anayankha kuti nkhuku sinafepo ndi njala pabwalo la anthu opusa, ndipo mayiyo, akuseka, anabweretsa lichero lachiwiri. Mpunga umene sunakhudzane ndi msuzi anauyanika pamphasa masiku anayi, mpaka unauma gwa, nautsekera m'malata awiri, zitini zazikulu zachitsulo. Ine ndinakumbuka Ambuye wathu, amene atadyetsa khamu m'chipululu analamula kuti makombo atoledwe, nadzaza madengu khumi ndi awiri. Ndime imeneyo ndaiphunzitsa kawirikawiri ndi pakamwa. Mnzangayu anaiphunzitsa ndi lichero.

Patapita sabata anandipempha kuti ndiwaperekeze kuphiri, popeza khungwa linali litatsala pang'ono m'kachitini kawo. Titafika pamiyala iwiri ija tinaima chilili. Muwawani unali woyera ngati fupa. Unasendedwa kuzungulira konse, kuyambira m'mawondo mpaka pamene dzanja la munthu wamtali lingafike, ndipo pamchenga panali pakuonekabe mapazi a mota. Mtengo wosendedwa chotero suchira.

Che Ajasi anaika chikhato pathunthupo nthawi yaitali. Kenaka anati, "Ndaudya, a Mlaliki. Pa sadaka paja ndimadya mtengo wangawu, ndipo ndinanyambita ndi zala zomwe."

Ndinati tikamtule Musa kwa shehe. Iwo anapukusa mutu, naloza kumwamba. M'nthambi munali mukulendewera zikhokhombe zazitali za mbewu, zimene mtengowo unabala usanavulidwe. "Mayi wamwalira, koma wasiya ana. Tiyambe taona za anawo."

Zitakhwima tinakazitola. Njere za muwawani nzolimba khungu, motero anazikwecha pamwala imodziimodzi. Koma chinali chilimwe, chitsime chili kutali, ndipo nkhalamba singatunge madzi a mbande tsiku ndi tsiku. Apa ndi pamene nzeru inawadzera. Asilamu amasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi asanapemphere, kasanu patsiku, ndipo kuseri kwa mzikiti madziwo ankangolowa m'fumbi. Che Ajasi anakumba kangalande kuchokera pamwala wosambirapo, nabzala njerezo m'mbali mwake. "Madzi amene asambitsa opemphera asapite chabe," anatero. "Amene ajomba kumapemphero adziwe kuti akuumitsa mankhwala."

Zinamera zambiri, koma mbuzi zinazipeza. Pofika nthawi ya mvula zinatsala zisanu ndi ziwiri. Pankafunika mpanda wolimba, ndipo iwo analibe mphamvu yodulira mitengo. Atakhala nayo, sakanadula mtengo wamoyo. Ankakhala pamenepo ndi kandodo, kulondera mbuzi. Musa sanapondenso pakhomo pawo.

Mwezi wa Febuluwale unafika ndi ukali wake. Nkhokwe zinapepuka, misewu inadzaza matope, malonda anaima. M'mawa wina, ndili kwa Che Ajasi kunola khasu, inafika mota. Anali Musa, atanyamula mkazi wake Rozi, wofooka, atagwira pamimba. Musa anagwada patali, maso pansi.

"Amalume, masiku atatu sakudya. Mwina kakhungwa kaja…"

Che Ajasi anatulutsa kachitini, nakatsegula, nakazondotsa. Simunagwe kanthu.

"Kali ku Cuamba, mwana wanga. Ukum'dziwa ndiwe munthu amene unam'gulitsa khungwalo."

Kenaka anatembenukira kwa wodwalayo. Anam'yang'ana Rozi m'maso ndi lilime, nam'funsa mafunso mwaulemu, nati, "Ngakhale ndikanakhala nako, nthenda iyi si yanga. Ameneyu ndi wa kuchipatala, lero lomwe. Koma sangakwere mota m'mimba muli mphepo yokha." Anatapa m'lata, nasinja, naphika kaphala kosalala. Rozi anamwa pang'onopang'ono, thukuta nkutuluka. Mbale ina anapatsa Musa, amene nayenso masaya anali atalowa.

Musa atameza kawiri anadabwa. "Amalume, mpunga mwezi uno mwautenga kuti?"

"Ndi wako. Ndi umene unkandichititsa manyazi uja. Idya, usasiye, ndi muwawani wangatu umenewo, ndipo unaugula modula."

Supuni inaima m'malere. Ndinaona munthu wamkulu akulira, misozi ikugwera m'phala. Amalume ake anati, "Usathiremo mchere wambiri, ndathira kale. Maliza, mutengere mkazi wako kuchipatala."

Rozi anagonekedwa masiku angapo, ndipo mwa chifundo cha Mulungu anachira. Sabata yotsatira Musa anabwera wapansi, nkhwangwa ili paphewa, nafunsa chimene angachite.

"Umalize chimene unayamba," anatero Che Ajasi. "Ukaugwetse muwawani uja. Nthambi zake zikatchinjirize ana ake."

Tinapita atatu. Mtengo unali utauma, masamba onse atayoyoka. Musa anayamba kulambula udzu wa patsinde kuti apeze potema, ndipo mwadzidzidzi anafuula, "Amalume, bwerani!" Pansi pa chilonda chija, pamene khungwa linatsalira pafupi ndi dothi, panali patatuluka mphukira zitatu zobiriwira. Che Ajasi anazipapasa ndi zala, pakuti maso sankaona bwino, nayamika Mlengi m'chinenero cha mapemphero awo. Ine ndinakumbuka munthu woleza mtima uja wa m'Malembo, amene ali paphulusa anazindikira kuti ngakhale mtengo wodulidwa uli ndi chiyembekezo ukamva fungo la madzi.

"Tema pamwamba," inatero nkhalamba, "ndipo uteme ngati munthu amene ali ndi chaka chonse. Nkhwangwa si mota."

Musa asanaugwetse, Che Ajasi anam'gwira dzanja, nam'yika zala ziwiri pathunthu loumalo, nam'sonyeza muyeso wake, mbali yake, ndi mamatidwe a dothi. Anam'bwerezetsa kanayi. Ulendo uno Musa sanafunse za thumba.

Papita mvula ziwiri tsopano. Mpanda wa nthambi zija ukadalipo kuseri kwa mzikiti, ndipo mwa mbande zisanu ndi ziwiri zapulumuka zisanu, zofika m'chiuno. Sindinganene kuti mudzi wonse watembenuka: makala akupsabe, ndipo pa sadaka zina mpunga umapitabe kudzala, ngakhale amayi ena tsopano amabwera ndi malichero awo. Musa akadali waliwiro pamsewu, koma Lachisanu lililonse amakhala pansi ndi amalume ake kuphunzira mizu, ndipo kutchalitchi kwathu tinakumba kangalande kathu pansi pa denga. Che Ajasi amadziwa kuti mitengo imeneyi sadzaisenda ndi dzanja lawo. Ndinawafunsa ngati zimenezi siziwapweteka.

"Uja wa kuphiri ndinabzala ndine?" anayankha. "Sunthani phazi, a Mlaliki, mwaponda ngalande."

Mulungu wa Abrahamu, amene amavumbitsa mvula pa minda yathu yonse osafunsa malire, akudalitseni, Che Ajasi Mkwanda. Akusungireni kuwala kotsala m'maso mwanu, lata lanu lisaume, ndipo dzanja limene munaligwira lisadzapyole zala ziwiri. Nanunso wowerenga, Ambuye akudalitseni pa mbale yanu ndi pa mtengo wa kuseri kwa nyumba yanu. Akupatseni chokwanira, ndi mtima wowerama kutola chotsala. Mtendere ukhale nanu. Amen.